Makaseti Afeki a Malemu Mwamuna Wanga

1

Mwamuna wanga anamwalira mu Julayi, ndipo pofika Okutobala abale ake anali atandisandutsa mbava. Ndikulemba nkhaniyi ndikadali wokwiya, choncho amene mukufuna mawu ofatsa a mayi wamasiye tsegulani tsamba lina.

Dzina langa ndine Tusekile. Ndimakhala ku Maddington, kuno ku Perth, ndi mwana wanga Yamiko wa zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Bambo a Yamiko, a Luwayo, anali makaniko wa zimakina zikuluzikulu ku mgodi wina wa kumpoto, kuja amapita pa ndege n'kubwera pa ndege. Ankakhala masabata atatu kumgodi, sabata imodzi kunyumba. Ndinkawamvera chisoni kwambiri. Akabwera sindinkalola ngakhale kuti atulutse bini panja, ndinkati munthu watopa apume.

Mowa sankamwa, kumabala a ku Northbridge sankapondako. Matenda awo anali amodzi: magemu akale, aja a makaseti olowetsa m'kamakina n'kulumikiza ku TV, amene ankasewera ana a mabwana ku Area 10 ife tikusewera fulaye m'fumbi. Iwo ali mwana ankangowaonera pawindo kwa aneba, ndiye atayamba kulandira za kumgodi anaganiza zolipsira. Anadzaza kabati yagalasi pabalaza. Ena mwa makasetiwo akuti anatsala ochepa padziko lonse, ndipo anthu okonda zimenezi amachita kulimbirana. Ine ndinkangoona mapulasitiki otuwa osonkhanitsa fumbi.

"Mayi a Yamiko, musamapukute ndi nsalu yonyowa," ankatero. "Izi ndi za mwanayu. Ine ndikadzapita, kabati yonseyi ndi yake."

Tsiku lina masana ndili kuntchito anandiimbira alamu anga a Maclean, ang'ono awo a malemu, omwe amagwira ntchito kumgodi womwewo.

"Alamu, bwerani kuchipatala. Achimwene agwa atangotsika ndege."

"Ndege yake iti? Si akubwera sabata yamawa?"

"Sankamva bwino, ndiye anawabweza msanga. Ingobwerani."

Ndinakapeza atawafunditsa kale nsalu kumaso. Madokotala anati mtima unangoima.

2

Thupi tinakaika kwawo ku Ntcheu. Tisanabwerere, amalume awo a malemu, a Brown, omwe ndi eni mbumba, anandikhazika pansi n'kundipatsa malamulo. Ndivale zakuda, ndipo katundu wa malemu ndisamukhudze mpaka tsiku londisudzula, pamene akuchimuna amamasula mkazi wamasiye n'kugawa katundu. Poti iwo ali kutali, maso awo ku Perth adzakhala a Maclean. Ndinavomera zonse, chifukwa ndinaleredwa.

Loweruka lina a Maclean anabwera, anandipempha kiyi wa kabati, n'kusankha makaseti atatu. Anati akufuna akatswiri akawaone kuti pogawa pasadzakhale mkangano. Mawa lake titaweruka kutchalitchi anabweranso foni ili m'manja, a Brown ali pa vidiyo. M'nyumba munali amayi awiri a kwaya odzandizonda. Mmodzi anali Katherine, mnzanga wa ponda apa nane mpondepo, namwino wokhala ku Bentley, amene anagona pambali panga masiku onse a maliro n'kumalira kuposa ine.

A Maclean anaponya makaseti aja patebulo.

"Alamu, enieni aja mwawapititsa kuti?"

"Enieni ake ati?"

"Awa ndi afeki, onse atatu. Achimwene sakanagula feki ngakhale atatsinzina. Kiyi amakhala ndi inu."

Ndisanatsegule pakamwa, foni inalankhula.

"Mayi, katundu wa maliro sagulitsa munthu asanasudzulidwe. Mwatilaula. Mpaka zenizenizo zibwerere m'kabatimo, zakudazo muzivalabe."

Ndinayang'ana Katherine kuti andiikire kumbuyo. Iye anali kalikiliki kusalaza chitenje pamaondo pake.

Amalawife kuno ndife ochepa, ndipo nkhani imayenda msanga kuposa sitima ya ku Armadale. Lamlungu lotsatira mayi wina, ataona ndikukhala pambali pake, anasuntha chikwama chake n'kuchiika mbali inayo. Zimenezo ndinapirira. Chimene chinandithyola msana ndi cha m'galimoto pobwerera, pamene Yamiko anandifunsa m'Chingerezi chake cha kuno, maso ali pawindo.

"Mum, did you sell Dad's games?"

Mwana wanga yemwe, wobala ndekha, anali atayamba kundikayikira. Ndinaimitsa galimoto pambali pa msewu.

3

Lachiwiri ndinali pa ofu, ndipo sukulu zinali zotseka. Ndinatsegula kabati ija, lamulo la a Brown ndinaliponda dala, n'kulongedza makaseti onse m'katoni. Ine ndi Yamiko tinakwera sitima mpaka m'tauni, n'kuyenda wapansi kupita ku Northbridge, ku kashopu ka magemu akale kamene a Maclean anatchula. Kanali pamwamba pa lesitilanti ina, masitepe ake onunkha adyo.

Mwini wake anali bambo wa ku Zambia, dzina lake Jethro. Nditadzifotokoza anavula magalasi.

"Ndimwe ba madam ba Luwayo? Ah, sorry maningi, amai. Banali ba customer banga, ndiye bananiphunzisa vinthu vambili. Ba brother babo banabwela na yatatu, yonse ni gong'a."

Gong'a ndiye feki kwawoko. Ndinamuuza kuti sindinabwere kudzamva chigamulo, ndabwera kuti andionetse ndi maso angawa.

Anatenga makaseti awiri, ina ya m'katoni mwanga, ina ya m'shopu mwake. Kwa ine anali ofanana ngati mapasa.

"Pendekani ku light," anatero. "Pa yeniyeni pali tuma number tubili twamene banadinda ku factory. Pitisani chala, muzatumvela."

Ndinapititsa chala pa chipepala chomata pamwamba pa kaseti yake, ndipo ndinamvadi timanambala tiwiri tolowa m'kati. Pa yanga panali see, chipepala chake chonyezimira ngati cha botolo la mafuta odzola. Anandionetsa kasikuluwu ka kumbuyo: ka yeniyeni kali ndi mutu wachilendo wofuna sikuludiraiva yakeyake, ka yafeki n'kamene mungagule m'shopu iliyonse ya zomangira. Kenako anatsegula zonse ziwiri. M'kati mwa yeniyeni munali kabolodi kobiriwira kodzaza chikhokho chonse, kokhala ndi dzina la fakitale ndi chaka chake, ndiponso tizidutswa takuda ta miyendo yambiri titandandalika mwadongosolo. M'kati mwa yanga munali kabolodi kakang'ono kopepuka, pakati pake atangodonthezapo kanthu kakuda ngati phula.

Anayang'ana katoni yonse. Makaseti wamba, opezeka paliponse, anali enieni. Osowa okhaokha ndiwo anali afeki.

"Wamene anachita ivi aziba ma game," anatero. "Si imwe, amai. Imwe mugwila kaseti monga ni buledi."

Yamiko anapempha kuti asewereko ina ya chinjoka, imene ankaikonda kwambiri, ngakhale Jethro anali atangoiika pa mulu wa afeki. Anamulowetsera m'makina a pakona. Magemu amenewa amasunga pamene munthu walekezera, pamodzi ndi dzina lake. Pa TV panatuluka mayina awiri, YAMI ndi DADI.

"That's ours, Mum. Me and Dad, at Easter."

Anayamba kusewera, msana atatipatsa. Jethro anandikodola n'kutsitsa mawu.

"Iyi ni gong'a, koma yasunga game ya ba late. So inali kale mu nyumba beve bakali moyo. Ndipo ba Luwayo gong'a banali kuiziba na kulema chabe mu kwanja."

Ndiye kuti Luwayo ankadziwa kuti ndi yafeki. Iye, pofuna kusintha nkhani kuti andipepuze, ndi pamene anaiwononga.

"Nanga TV ija ya chimimba yamene ninabapelekela ku nyumba kwanu ku Bentley, ikali kusebenza?"

"Ife timakhala ku Maddington."

Anayamba kupukuta kauntala yoyera kale.

"Nyumba yake yotani?" ndinafunsa.

"Amai, mwina nasokoneza."

"Bambo, ndavala zakuda miyezi itatu. Nyumba yake yotani?"

"Pafupi na campus. Pali mtengo wa mandimu pa gate."

Mandimu a mtengo umenewo, kwa Katherine, ndinathyolako kambirimbiri. Ndinagula sikuludiraiva ya mutu wachilendo ija, n'kuuza Yamiko kuti tiye.

4

Yamiko ndinamusiya kwa aneba, ine n'kuyendetsa galimoto kupita ku Bentley dzuwa lili pamutu. Katherine ali ndi mwana wamwamuna, Lusekelo, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Tonse tinkadziwa kuti bambo ake anathawira ku UK mwanayo asanabadwe, ndipo tinkawatukwana limodzi bambo amenewo, ine ndi Katherine, tikumwa tiyi.

Atatsegula chitseko n'kuona nkhope yanga, anabwerera m'mbuyo.

"Asisi, bwanji osaimba?"

M'nyumba imeneyo munali chipinda chimodzi chimene nthawi zonse chinkakhala chotseka, akuti mosungira makatoni. Ndinamudutsa n'kukachikankha.

Munalibe katoni ngakhale imodzi. Munali bedi lalikulu loyala bwino, TV ya chimimba, ndi shelefu ya makaseti. Kuseri kwa chitseko kunali shati ya olenji ya kumgodi, imene ndinasokerera ndekha batani lake. Lusekelo anali pansi akusewera gemu ya chinjoka, ndipo atandiona anamwetulira.

"Hi, Aunty."

Pakona ya TV panali mayina awiri, JUNIOR ndi DADI. Ndinamuyang'ana mwanayo bwinobwino kwa nthawi yoyamba, makutu otambalala a Luwayo aja, kampata ka m'mano kaja. Zaka zonsezi maso ndinali nawo, koma ndinkawagwiritsa ntchito yosankhira tomato basi.

Katherine anamuuza kuti akasewere panja. Ine ndinasolola kaseti m'makina, n'kuipendeketsa pawindo. Timanambala tiwiri tinali pomwepo. Ndinaitsegula, ndipo kabolodi kanali kodzaza, dzina la fakitale lili poyera.

"Asisi, khalani pansi tikambirane."

"Usanditchule sisi. Ankabwera liti muno?"

Anayamba kulira, koma misozi yake ndinali nditaiona kale ntchito yake kumaliro.

"Ndati ankabwera liti?"

"Rosita yawo ya kuntchito inasintha kalekale. Ankakhala masabata awiri kumgodi, awiri kuno. Sabata yoyamba ankafikira muno."

Ndiye kuti mwezi uliwonse, pamene ine ndinkamupempherera Luwayo kuti makina asamupweteke kumpoto, iye anali pano, mtunda woti tiyi sangazizire m'kapu, akudya mandimu.

"Tsiku lija anagwera kuti?"

Anayang'ana bedi. Anati anaimbira a Maclean, iwo n'kubwera kudzathandiza kumunyamula, ndipo za ndege zija anapekera limodzi m'galimoto.

"Nanga afekiwo?"

"Malemu ankaitanitsa pa intaneti, n'kumasinthitsa imodziimodzi kuti m'kabati musaoneke mpata. Anati Yamiko ndi mtsikana, sangazindikire, ndipo adzakwatiwa n'kupita. Anati zenizeni zikhale kwa mwana wamwamuna."

Ndikanakhala ndi mphamvu yodzutsa akufa, tsiku limenelo ndikanamudzutsa Luwayo kuti andibwerezere mawu amenewo m'maso muli gwa.

"A Maclean za makasetizi ankazidziwa?"

"Ayi. Za mwana ankadziwa. Za makaseti ndinkadziwa ndekha."

"Ndiye unakhala pampando wanga, ukumwa tiyi wanga, anthu akunditchula mbava, iwe ukusalaza chitenje."

"Ndikanati chiyani, asisi?"

Ndinatenga kaseti ya chinjoka ija n'kuika m'chikwama. Panja Lusekelo anandibayibitsa, ndipo ndinamubayibitsanso, chifukwa mwanayo sanandilakwire kanthu.

5

Msonkhano ndinaitanitsa ndekha, Lamlungu titaweruka. Ndinaitana a Maclean, a Kasonde omwe ndi mkulu wa mpingo wathu, ndi amayi a kwaya, kuphatikizapo wosuntha chikwama uja. Katherine anatumiza uthenga woti mutu ukumupweteka. Yamiko ndinamutumiza kwa mnzake. A Maclean anaimika foni pa botolo la shuga kuti a Brown aone bwino.

"Tamva kuti mwapeza katundu uja, mayi," anatero a Brown. "Mwachita bwino kulapa."

Ndinaika makaseti awiri a chinjoka patebulo, n'kutulutsa sikuludiraiva yanga. Ndinawaphunzitsa onse monga anandiphunzitsira Jethro. A Kasonde anapititsa chala pa timanambala, amayi anapatsirana timabolodi n'kumaona kaphula kaja. Nditaona kuti aliyense wamvetsa, ndinanena kuti yafekiyi inali m'nyumba muno pa Isitala, mwini wake akusewera ndi mwana wake, ndipo yeniyeniyi ndaipeza ku Bentley, m'chipinda chimene malemu anamwaliriramo.

A Maclean anayang'ana nsapato zawo.

"Alamu, izi tikanakambirana patokha."

"Ponditchula mbava munadikira kuti anthu achoke?"

"Ine za makasetizo sindinkadziwa."

"Za ndege ija munkadziwa. Inatera pabedi la Katherine."

Mayi wina anati mayo chapansipansi. Ine maso anga anali pa foni, chifukwa ndinkafuna kuona nkhope ya a Brown ikugwa. Sinagwe. Anakonza kolala ya jekete lawo n'kutsokomola pang'ono.

"Mayi, mwanayo ife timamudziwa, ndi magazi athu. Tinkafuna tidzakuuzeni pa nthawi yake, mtima utakhala pansi. Makasetiwo tinagwirizana kale kuti apite kwa iyeyo, n'chifukwa chake tinatuma Maclean kuti akawaonetse. Ndiye poti zaoneka kuti katundu anafika kale kwa mwini wake, mlandu palibe. Loweruka likubwerali tikusudzulani."

Anathera pomwepo. Sanapepese, sanatchule ngakhale dzina la Yamiko. Banja lonse, kuyambira ku Ntcheu mpaka ku Perth, linkadziwa, ndipo linandiveka zakuda kuti ndizilondera kabati ya mwana wa mkazi wina.

A Kasonde anayamba kunena za kuleza mtima, koma ndinali nditaimirira kale. Ndinamasula duku wakuda kumutu, ndinavula chitenje chakuda chimene ndinamanga pamwamba pa diresi, n'kuzipinda bwinobwino. Ndinaziika m'manja mwa a Maclean.

"Kaperekeni ku Bentley. Amene anamutseka maso ndi amene avale, ndipo Loweruka mukasudzule iyeyo. Ine ndadzisudzula ndekha."

"Mayi, mwambo sutero," inatero foni.

Ndinaigwira n'kuigoneka chafufumimba patebulo, a Brown n'kumalankhula ndi thabwa. Kenako ndinatsegula chitseko n'kuima pambali mpaka onse anatuluka.

6

Inu owerenga, ndikudziwa zimene ena mwa inu mukonzekera kundiuza, chifukwa ndazimva kale kutchalitchi. Akuti wakufa sayimbidwa mlandu. Akuti ndikhululuke kuti mtima wanga upepuke. Anthu omwewo amene ankabisa zikwama tsopano amandikumbatira pakhomo, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wabwera kudzati tinakulakwira. A Maclean akandiona ku shopu amalowa mzere wa zakudya za agalu, chonsecho galu alibe. Sindinakhululuke, ndipo musandifunse tsiku.

Akazi anzanga amene amuna anu amapita pa ndege, sindikuti muyambe kusecha m'matumba. Ndikungoti rosita muziiona ndi maso anu, osangoimva pakamwa. Ndipo inu achibale amene mumasunga chinsinsi cha m'bale wanu n'kumati mukusunga banja, dziwani kuti pali munthu amene amasenza chinsinsi chimenecho osadziwa, ndipo tsiku lochitula amakhala yekha.

Za chibwenzicho ndikhoza kudzaiwala, amuna achita zimenezo chiyambire. Chimene chimandidzutsa m'mawa mtima ukuwawa n'choti bambo anakhala pansi ndi mwana wake wamkazi, phewa ndi phewa, akuseka naye, akudziwa kuti chimene wamupatsa m'manja ndi chabodza ndipo chenicheni wakapereka kwina.

Yamiko ndinamuuza kuti sindinagulitse kanthu, kuti makaseti anasinthidwa kalekale, ndipo anandikumbatira n'kupepesa. Za Lusekelo adzamva, Perth ndi yaing'ono, koma ndikufuna akuleko kaye. Sabata yatha tikutsuka mbale anandifunsa funso, ndipo ulendo uno anayesetsa m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti ndimve kuti nkhaniyo ndi yaikulu.

"Amama, adadi ankadziwa kuti zanga ndi zafeki?"

Ndinayang'ana mwana wanga, thovu lili m'manja, akudikira. Ndinaganiza za munthu uja wagona phee ku Ntcheu pansi pa nkhata zimene ndinagula ndekha, wondisiyira ine ntchito yoyankha funso limeneli.

"Ayi, mwanangu," ndinatero. "Nawonso anawapusitsa."

Anapumira m'mwamba n'kupitiriza kutsuka. Ndiye onani pamene Luwayo wandifikitsa: ali m'manda, koma akunamizabe mwana wake, ndipo tsopano akugwiritsa ntchito pakamwa panga.